Kujambula Ubongo: Mmene Madokotala Amalondolera Matenda a Multiple Sclerosis

Pali matenda ena amene munthu aliyense angathe kuwaona ndi maso. Chilonda cha pamwendo chimaoneka ngati chikupola kapena chikunyeka, ndipo malungo amadziwika ndi kutentha kwa thupi. Koma aliponso ena amene amachita ntchito yake mobisika, m'kati mwa chigaza ndi m'kati mwa msana, kumene dzanja la dokotala silingafike. Amodzi mwa matenda otere ndi amene m'Chingelezi amatchedwa multiple sclerosis, kapena mwachidule MS. M'nkhani ino, inu owerenga, tifotokoza mmene makina ojambula m'kati mwa thupi amathandizira madokotala kulondola mayendedwe a matendawa chaka ndi chaka, ndiponso chimene wodwala ndi abale ake ayenera kuchita kuti zithunzizo ziwapindulire.

Matendawa ndi otani?

Ubongo wa munthu umalamulira ziwalo zonse potumiza mauthenga kudzera m'minyewa, imene tingaiyerekeze ndi mawaya a magetsi a m'nyumba. Mwaonapo kuti waya aliyense amakutidwa ndi pulasitiki kuti mphamvu ya magetsi isatayike panjira. Nayo minyewa ili ndi chokuta chake cha mafuta oyera, chimene madokotala amachitcha myelin. Chokutachi chikakhala bwino, uthenga wochokera ku ubongo umafika kuphazi m'kuphethira kwa diso.

Kwa munthu wodwala MS, chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kumenyana ndi tizilombo toyambitsa matenda, chimasokonezeka n'kuyamba kuukira chokuta chimenechi. Pamalo poukiridwapo pamatupa, ndipo uthenga umachedwa kapena kulephereratu kudutsa. Patapita masabata angapo kutupako kumaphwa, koma pamatsala chipsera cholimba. Dzina la matendawa likuchokera pomwepa, pakuti tanthauzo lake ndi zipsera zolimba zambirimbiri. Zipserazi zimapezeka mu ubongo, m'chingwe cha minyewa chimene chimadutsa m'kati mwa mafupa a msana, ndiponso m'minyewa ya maso.

Woyamba kuwalongosola mwatsatanetsatane anali dokotala wa ku France dzina lake Jean-Martin Charcot, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Salpêtrière mu mzinda wa Paris, ndipo anachita zimenezi m'chaka cha 1868. Bungwe loona za MS pa dziko lonse linawerengera mu 2020 kuti anthu pafupifupi 2.8 miliyoni ali ndi matendawa. Ambiri amayamba kudwala ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo akazi odwala amachuluka kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi amuna. Matendawa sapatsirana. Simungawatenge pogwirana chanza, podyera mbale imodzi kapena pogonana ndi wodwala.

Matenda obwera ndi kupita

Tiyerekeze mayi wa zaka 28 wokhala ku Kabwata, amene amagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni cha ku Cairo Road. Tsiku lina akudzuka diso lake lamanzere likuona mwachimbuuzi, ndipo likupweteka akalitembenuza. Patapita mwezi umodzi diso lija lachira lokha. Patha chaka chathunthu ali bwinobwino. Kenaka mwendo wake wamanja ukuchita dzanzi, ndipo akutsimphina pokwera minibasi. Nawonso mwendo uja wachira patapita masabata asanu. Chaka chachitatu akumva chizungulire ndipo akulephera kusunga mkodzo nthawi yaitali.

Kodi ndani angaganize kuti diso, mwendo ndi chikhodzodzo zikuvutika ndi nthenda imodzi? Mayiyu mwina anapita kwa dokotala wa maso poyamba, kenaka ku kiliniki chifukwa cha mwendo, ndipo aliyense anaona chiwalo chimene anamuonetsa. Kunyumba nako maganizo amakhala ambiri. Ena amati wodwalayo ndi waulesi chabe, ena amati walodzedwa ndi anzake a kuntchito, ndipo popeza zizindikiro zimatha zokha, mankhwala alionse amene anamwa pa nthawiyo amatamandidwa kuti ndiwo amuchiritsa. Mabanja ena amadana chifukwa cha kuganizirana kotere, pamene gwero lake ndi kachipsera kosaposa njere ya nyemba m'kati mwa ubongo.

Odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse amayamba motere, kudwala ndi kuchira mosinthanasinthana. Ena ochepa matenda amawakwera pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, osawapatsa mpumulo. Ndiponso ambiri mwa amene anayamba ndi kudwala ndi kuchira, ngati salandira thandizo, patapita zaka amayamba kufooka osabwereranso mwakale.

Kuchokera pa X-ray kufika pa MRI

M'masiku a Charcot, zipsera za MS zinkaoneka pokhapokha wodwala atamwalira ndipo ubongo wake watsegulidwa. Pamene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira X-ray mu 1895, madokotala anayamba kuona mafupa othyoka ndi mapapo odwala, koma ubongo unabisikabe, chifukwa ndi wofewa ndipo wazunguliridwa ndi fupa lolimba la chigaza.

Zinthu zinasintha mu 1971, pamene makina a CT, opangidwa ndi Godfrey Hounsfield, anajambula mutu wa wodwala woyamba pa chipatala cha Atkinson Morley ku London. Makinawa amagwiritsa ntchito X-ray yomweyo, koma amajambula kuchokera mbali zonse, ndipo kompyuta imalumikiza zonsezo n'kuonetsa ubongo ngati mkate wodulidwa magawo. Masamu ake analongosoledwa ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene ganizoli linamubwerera ali pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1979. CT ndi yothandiza kwambiri poona magazi otayika m'mutu pa ngozi ya pamsewu, kapena chotupa chachikulu, koma zipsera zambiri za MS zimaiphonya.

Makina amene anatsegula maso a madokotala pa matendawa ndi a MRI. Maziko ake anayalidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Nottingham ku England, amene nawonso analandira mphotho ya Nobel mu 2003. Mu 1981 Ian Young ndi anzake, pa chipatala cha Hammersmith ku London, anajambula odwala MS okwana 10 ndi makina onse awiri. CT inaonetsa zipsera 19. MRI inaonetsa zomwezo, n'kuwonjezerapo zina 112. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti matendawa amawononga malo ambiri kuposa mmene wodwala amamvera m'thupi mwake.

Mmene MRI imagwirira ntchito

Mtima wa makinawa ndi maginito aakulu opangidwa ngati mgolo wogoneka wotseguka mbali zonse ziwiri, ndipo wodwala amalowetsedwamo atagona chagada pa kabedi koyenda. Mphamvu ya maginito imayezedwa ndi muyeso wotchedwa tesla. Makina ambiri a m'zipatala ndi a 1.5 tesla, ndiye kuti mphamvu yake iposa ya maginito a dziko lapansi, amene amatembenuza singano ya kampasi, pafupifupi maulendo 30,000.

Gawo lalikulu la thupi lathu ndi madzi, ndipo m'madzimo muli tinthu ting'onoting'ono ta hydrogen timene timachita ngati tisingano ta kampasi. Munthu akalowa m'maginito, tinthu timeneti timandanda kuloza mbali imodzi. Kenaka makina amatumiza mafunde a wailesi, a mtundu womwewo umene umabweretsa mawu m'wailesi ya m'nyumba mwanu, ndipo mafundewo amatigwedeza tinthu tija n'kutichotsa pamzere. Mafunde akaleka, timabwerera m'malo mwake, ndipo pobwererapo timatulutsa kamphamvu kamene makina amamva. Minofu yosiyana imabweza kamphamvuko mosiyana. Chokuta cha minyewa chili ndi mafuta ambiri ndi madzi ochepa, koma pamene chawonongeka pamalowa madzi. Motero chipsera chimaoneka pa chithunzi ngati kadontho koyera pakati pa ubongo wotuwa.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti MRI sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Pa chifukwa chimenechi munthu angajambulidwe chaka ndi chaka kwa moyo wake wonse popanda mantha akuti chezacho chiunjikana m'thupi, ndipo ichi ndicho chimaipangitsa kukhala yoyenera polondola matenda okhalitsa.

Kujambulako kumatenga mphindi 30 mpaka ola limodzi. Sikupweteka, koma makina amachita phokoso lalikulu ngati la osula zitsulo, kotero kuti wodwala amapatsidwa zotseka m'makutu. Ayenera kugona osagwedezeka, pakuti kusuntha pang'ono kumawononga chithunzi. Chilichonse chachitsulo chimatsala panja: makiyi, ndalama, foni, wotchi, ndolo, zopanira tsitsi, ngakhale zithumwa za m'chiuno ngati zili ndi chitsulo. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena chitsulo china chilichonse m'thupi chifukwa cha opaleshoni kapena ngozi, anene asanalowe m'chipindamo. Amisiri owotcherera zitsulo nawonso anene za ntchito yawo, chifukwa kachidutswa ka chitsulo kobisika m'diso kangathe kukokedwa ndi maginito.

Zimene dokotala amawerenga pa chithunzi

Choyamba, dokotala amayang'ana malo amene madontho ali. Zipsera za MS zili ndi malo ake amene zimakonda: m'mbali mwa timapanga ta madzi ta pakati pa ubongo, pafupi ndi khungu la ubongo, kumunsi kwa ubongo cha kunkhongo, ndi m'chingwe cha msana. Zina zimatambasuka kuchokera pakati ngati zala za dzanja, ndipo zimatchedwa zala za Dawson, pokumbukira James Dawson wa ku Edinburgh amene anazilongosola mu 1916.

Chachiwiri, amafuna kudziwa ngati chipsera chili chatsopano kapena chakale. Pofuna kusiyanitsa zimenezi, wodwala amabayidwa mumtsempha wa magazi mankhwala okhala ndi gadolinium, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1988. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo wabwino ili ndi mpanda wothina umene sulola mankhwalawa kutuluka. Koma pamene pali kutupa kwatsopano mpandawo umabooka, mankhwala amadontha, ndipo malowo amawala pa chithunzi. Kuwalaku kumakhalapo kwa masabata ochepa chabe, kawirikawiri mwezi umodzi. Tsono ngati pa chithunzi chimodzi pali madontho ena owala ndi ena osawala, dokotala amadziwa kuti matenda anaukira pa nthawi zosiyana.

Chachitatu, pali zipsera zina zimene pa mtundu wina wa chithunzi zimaoneka zakuda bii, ndipo zimakhalabe zakuda patapita miyezi yambiri. Apa ndiye kuti waya weniweniyo waduka, osati chokuta chake chokha. Chachinayi, dokotala amayeza kukula kwa ubongo wonse. Ubongo wa munthu aliyense umachepa pang'onopang'ono pamene akukalamba, koma wa wodwala MS wosalandira mankhwala umachepa mofulumirapo, ndipo kuchepa kumeneku kumagwirizana kwambiri ndi kulumala kwa m'tsogolo.

Mfundo zimenezi zinasonkhanitsidwa mu 2001 kukhala malamulo ozindikirira matendawa, otchedwa ndi dzina la Ian McDonald, dokotala wa ku New Zealand amene ankagwira ntchito ku London. Malamulowa akonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024. Kale dokotala ankadikira kuti wodwala agwe kachiwiri asanatchule dzina la matenda. Lero zithunzi zimamulola kuwazindikira msanga, nthawi zina pa kudwala koyamba komwe.

Chithunzi chimodzi sichikwanira

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Chithunzi chimodzi chimaonetsa mmene ubongo ulili tsiku limenelo, monga mmene chithunzi cha mwana chimaonetsera msinkhu wake pa tsiku lojambulidwa. Kuti mudziwe ngati mwanayo akukula bwino, muyenera kuika chithunzi cha chaka chino pambali pa cha chaka chatha. N'chimodzimodzinso ndi MS. Funso lalikulu la dokotala ndi ili: kodi pali dontho limene kulibe pa chithunzi chakale? Kodi pali lina limene lakula?

Funsoli ndi lofunika chifukwa matendawa sagona ngakhale pamene wodwala akumva bwino. Ofufuza amene ankajambula odwala mwezi ndi mwezi anapeza kuti zipsera zatsopano zimaoneka kawirikawiri, maulendo asanu kufikira khumi kuposa maulendo amene wodwala amadwala moonekera. Ubongo uli ndi luso lolambalala malo owonongeka ndi kutumiza uthenga panjira ina, monga mmene woyendetsa minibasi amadutsira m'timisewu ta m'makomboni msewu waukulu ukatsekedwa. Koma njira zolambalalira zili ndi malire. Tsiku limene zatha, kulumala kumaonekera, ndipo nthawi imeneyo madzi atatayika kale, saolekanso.

Ndiye chifukwa chake zithunzi zimatsogolera pa kasankhidwe ka mankhwala. MS ilibe mankhwala ochiritsiratu, koma alipo ambiri ochepetsa ukali wake. Oyamba mwa amenewa, otchedwa interferon beta, anavomerezedwa ku America mu 1993, ndipo umboni wina waukulu wakuti amagwira ntchito unachokera ku zithunzi za MRI zimene anaziwerenga madokotala a ku Vancouver ku Canada. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika mankhwala atatu a MS pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse: cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab.

Ndondomeko imene akatswiri amalangiza ndi yotere. Wodwala amajambulidwa pozindikira matenda. Amajambulidwanso patapita miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi atayamba mankhwala, ndipo chithunzi chimenechi chimakhala poyambira kuyeza. Kenaka amajambulidwa kamodzi pa chaka, makamaka m'zaka zoyambirira. Ngati palibe dontho latsopano, mankhwala akugwira ndipo apitirire. Ngati madontho atsopano akuonekabe, dokotala amaganiza zosintha mankhwala, ngakhale wodwala akunena kuti ali bwino. Jekeseni ya gadolinium sifunika pa ulendo uliwonse, ndipo madokotala amaipewa kwa amayi oyembekezera ndi kwa anthu amene impso zawo sizigwira bwino ntchito.

Zithunzi zimathandizanso kuchotsa mantha opanda maziko. Odwala MS ambiri amamva zizindikiro zakale zikubwerera pamene thupi latentha, monga m'dzuwa la mwezi wa October, atasamba madzi otentha kwambiri, kapena atadwala malungo. Kumeneku sikuukira kwatsopano ayi, koma minyewa yovulala kale ikulephera kugwira ntchito pa kutentha, ndipo thupi likazizira zinthu zimabwerera mwakale.

Komabe chithunzi sichinena zonse. Alipo odwala okhala ndi madontho ambiri amene amayenda ndi kugwira ntchito bwinobwino, ndipo alipo ena okhala ndi madontho ochepa amene amavutika kuyenda, chifukwa kadontho kamodzi ka m'chingwe cha msana kamavulaza kuposa madontho khumi a pamalo ena a ubongo. Kutopa, kuiwala ndi kukhumudwa sizioneka bwino pa chithunzi. N'chifukwa chake dokotala amamuyendetsa wodwala, amayesa mphamvu za manja ndi miyendo, amayang'ana m'maso, ndipo amamvetsera zimene wodwalayo akunena. Musachite mantha ndi kuchuluka kwa madontho pa chithunzi chanu musanalankhule ndi dokotala.

Kuno kwathu

Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankaphunzitsa kuti MS ndi matenda a azungu a kumaiko ozizira. Ganizoli linali ndi maziko ake. Mu 1967 dokotala wina dzina lake Geoffrey Dean anafalitsa zofufuza zake za ku South Africa, zosonyeza kuti matendawa ankapezeka kwambiri mwa azungu obwera kuchokera ku Ulaya kuposa mwa azungu obadwira konko, ndipo pa nthawiyo mwa anthu akuda sankamveka kwenikweni. N'zoona kuti matendawa amachuluka kumaiko akutali ndi pakati pa dziko lapansi, monga Scotland, Canada ndi Sweden. Koma tiyenera kufunsanso kuti: kumene kunalibe makina ojambulira ndiponso kunalibe madokotala a minyewa, akanawapeza ndani?

M'Zambia muno zinthu zinayamba kusintha mu 2018, pamene sukulu ya udokotala ya University of Zambia pamodzi ndi chipatala cha University Teaching Hospital, chimene tonse timachitcha UTH, zinayamba kuphunzitsa madokotala a ubongo ndi minyewa, motsogozedwa ndi Dr Deanna Saylor, amene pa nthawiyo anali wa ku Johns Hopkins ku America. Kuyambira pamenepo dziko lino lili ndi akatswiri akeake a matenda amenewa, ndipo iwo aona ndi kulemba za odwala MS obadwira ndi kukulira konkuno. Matendawa ndi osowa pakati pathu poyerekeza ndi malungo, chifuwa chachikulu kapena sitiroko, koma alipo.

Makina a MRI m'dziko lino ndi owerengeka, ndipo ambiri ali mu Lusaka. Amodzi mwa amene athandiza pa zofufuza za ubongo ndi a pa Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, pamene ana odwala malungo a mu ubongo anajambulidwa. Ku Malawi nako, makina amene anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 anathandiza kusonyeza, mu 2015, kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo otere. Zimenezi zikutiphunzitsa kuti makinawa akafika, timayamba kuona matenda amene tinali kukhala nawo osawamvetsa.

Njira yofikira kwa katswiri imayambira pa kiliniki ya kufupi ndi kwanu. Wa ku Kabwata kapena ku Woodlands angatumizidwe ku chipatala cha Chilenje, ndipo kuchokera kumeneko ku UTH pa Nationalist Road. Wa ku Chelstone ali pafupi ndi chipatala cha Levy Mwanawasa pa Great East Road. Sitingabise kuti kujambulitsa MRI kumafuna ndalama zambiri ndiponso kudikira pamzere, ndipo banja la ku Kabulonga limene lingathe kulipira ku chipatala chapadera limapeza chithunzi msanga kuposa banja la ku Chipata kapena ku Petauke limene liyenera kuyamba lapeza ndalama ya basi. Chifukwa cha kudula kumeneku, chithunzi chilichonse chimene chajambulidwa ndi chuma chosayenera kutayidwa.

Si dontho lililonse limene lili MS

Dokotala wa kuno ali ndi ntchito yovuta kuposa mnzake wa ku London, chifukwa matenda ambiri ofala pakati pathu amasiyanso madontho mu ubongo ndi mumsana. Kachilombo ka HIV ndi matenda amene kamatsegulira khomo, chifuwa chachikulu cha mu ubongo kapena cha msana, chindoko chosachiritsidwa, ndi timphutsi ta nyongolotsi ya nkhumba timene timakhazikika mu ubongo, zonsezi ziyenera kuchotsedwa kaye m'maganizo. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga nazonso zimasiya timadontho toyera, makamaka mwa anthu achikulire.

Pali matenda ena ofanana kwambiri ndi MS, otchedwa neuromyelitis optica, amene amaukira minyewa ya maso ndi chingwe cha msana mwaukali, ndipo amapezeka kawirikawiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Pa chithunzi chipsera chake cha mumsana chimakhala chachitali, chofika pa mafupa atatu a msana kapena kuposa, pamene cha MS chimakhala chachifupi. Mu 2004 ofufuza a ku Mayo Clinic ku America anapeza njira yowazindikirira poyeza magazi. Kusiyanitsa matenda awiriwa ndi nkhani ya moyo, chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, amakulitsa matenda enawo.

Pa chifukwa chimenechi dokotala angapemphe kuyeza magazi, ndiponso kutunga madzi a pamsana. Anthu ambiri amaopa kutungidwa madziwa, poganiza kuti ndiko kumapha odwala. Zoona zake n'zakuti odwala ambiri amene amamwalira atatungidwa amakhala kuti anafika ku chipatala matenda atakula kale. Madzi otungidwawo ndi ochepa, thupi limapanga ena m'maola owerengeka, ndipo mwa iwo mumaoneka zizindikiro zimene chithunzi sichingaonetse.

Zoyenera kukumbukira

Inu amene mukusamalira wodwala wotere, kapena inu odwala eni ake, sungani mfundo izi. Pemphani kope la chithunzi chilichonse pa CD kapena pa kachipangizo kosungira za pakompyuta, pamodzi ndi pepala la zimene wowerenga chithunzi analemba. Lembanipo tsiku ndi dzina la chipatala, ndipo muzisunge pamodzi ndi makalata ofunika a banja, kutali ndi chinyontho ndi dzuwa. Pepala lokha silikwanira, pakuti dokotala afunika kuona zithunzi zenizenizo moyandikana. Ngati n'kotheka, jambulitsani pa makina omwewo chaka chilichonse, chifukwa makina osiyana amatulutsa zithunzi zovuta kuziyerekeza. Khalani ndi kabuku kolembamo tsiku limene chizindikiro chayamba, chiwalo chimene chagwidwa, ndi tsiku limene chatha. Ndipo tsiku lobwerera ku chipatala likakwana, pitani ngakhale mukumva bwino, pakuti taona kuti matendawa amayenda mwakachetechete.

Kwa inu aphunzitsi, wophunzira wa m'makalasi apamwamba kapena mnzanu wa pantchito akadandaula kuti diso lachita khungu mwadzidzidzi, kapena kuti mwendo wachita dzanzi kwa masiku angapo, musamunene kuti akunamizira chifukwa sabata yamawa mwamuona akuyenda bwino. Mulangizeni apite ku kiliniki, ndipo akauze dokotala zonse zimene zinamuchitikirapo m'zaka zapitazo, ngakhale zimene zinatha zokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Matenda awa amadziwika ndi kulondoledwa mwa kuyang'ana mobwerezabwereza kwa zaka zambiri, ndipo odwala ambiri amene awazindikira msanga ndi kulandira mankhwala oyenera amapitiriza ntchito zawo, amakwatira, amabereka ndi kulera ana awo.